KULEKA BULEDI SI KUPIMIDWA

Munthu amene ayenda m'mamawa pa mseu waukulu wa Great East Road, kucokela ku Chongwe, kupyola pa Chinyunyu mpaka kukafika pa ulalo wa Luangwa, aona cinthu cimodzi paliponse pamene basi iima. Amai akhala m'mbali mwa mseu ndi ndowa zodzala vitumbuwa, anyamata athamangila ku mazenela ndi mabanzi, ndipo m'timasitolo ta m'midzi buledi waunjikidwa pafupi ndi shuga ndi masamba a tiyi. Makolo athu anali kuyamba tsiku ndi kandolo, maungu kapena phala, koma masiku ano mabanja ambili a m'boma la Rufunsa aona monga kunja sikunace ngati pa mphasa palibe cakudya ca unga wa tiligu.

Pambuyo pa buledi pabwelanso uphungu watsopano. Acibale a m'tauni, pamodzi ndi mauthenga ofika pa foni kupyolela pa WhatsApp ndi Facebook, auza anthu kuti wovutika m'mimba angoleka kudya tiligu ndipo adzacila. Mwa amene amvela uphungu umenewu alipo amene apeza bwino, alipo amene saona kusintha kulikonse, ndipo alipo ena amene matenda awakulila ali phee pa nyumba, kuyembekezela kuti mawa kudzakhala bwino. Nkhani ino ndi ya anthu amenewa, ndipo mfundo yake ndi imodzi: kuleka buledi si kupimidwa, ndipo zimene thupi licita munthu ataleka tiligu sizingalowe m'malo mwa mau a dotolo.

MATENDA AKE NDI OTANI?

Mu unga wa tiligu muli cinthu cochedwa guluteni. Amai onse ophika vitumbuwa amudziwa ngakhale sadziwa dzina lake, pakuti ndiye acititsa unga wokandidwa kutanuka ngati mphila, pamene unga wa cimanga ungoduka. Guluteni apezekanso mu balele, mbeu imene aphikila mowa wa m'mabotolo, ndiponso mu mbeu ina ya ku Ulaya yochedwa rye. Kwa anthu ambili guluteni ndi cakudya cabwino, cosavulaza m'njila iliyonse.

Koma alipo anthu owelengeka amene anabadwa ndi thupi losagwilizana naye, ndipo matenda ao madotolo awacha siliyaki. M'kati mwa matumbo aang'ono a munthu aliyense muli tinthu ting'onoting'ono tosawelengeka, toimilila ngati ubweya wa thaulo latsopano, ndipo nchito yake ndi kuyamwa cakudya ndi kucipeleka ku magazi. Munthu wa siliyaki akadya tiligu, asilikali a m'thupi mwake, amene anayenela kulimbana ndi tizilombo, asocela ndi kuyamba kumenya matumbo a mwini wake. Ubweya uja utha, matumbo asalala ngati thaulo lakale, ndipo cakudya cingopyola osasiya mphamvu m'thupi.

Zizindikilo zake ndi kutsegula m'mimba kwa milungu yambili, cimbudzi cotumbuluka, camafuta ndi conunkha kwambili, kufufuma kwa mimba, kuonda ngakhale munthu adya bwino, kutopa, zilonda za m'kamwa, ndi kucepa kwa magazi kumene sikumva mapilisi oonjezela magazi. Ena atuluka tizilonda toyabwa koopsa pa zigongono ndi pa maondo. Mwana aleka kukwela pa sikelo, mimba ikula, matako afota. Kwa amai ena cizindikilo cikhala kupita padela kawilikawili. Matenda amenewa sapatsilana pa mbale kapena pa mphasa, si ufiti ndiponso si mdulo. Ndi matenda a ku mtundu, ndipo mwa acibale 10 a m'mimba imodzi, makolo kapena ana a wodwala, pafupifupi mmodzi apezeka nao.

NJALA IMENE INAULULA CINSINSI

Madotolo anawadziwa matenda amenewa kwa zaka zambili asanadziwe cowayambitsa. Dotolo Samuel Gee wa ku London anawafotokoza bwino m'caka ca 1888, nanena kuti mankhwala ake ayenela kukhala m'cakudya, koma sanathe kuloza cakudya colakwa. Amene anaciloza ndi dotolo wa ana wa ku Holland, Willem Dicke, amene anali atayamba kale kukaikila tiligu. M'nyengo yozizila ya 1944 mpaka 1945, nkhondo yaciwili ya dziko lonse ili m'kati, m'dziko lake munagwa njala yoopsa ndipo buledi anasowa. Anthu ambili anafa, koma ana odwala siliyaki anayamba kupeza bwino. Buledi atabwelanso, ana omwewo anadwalanso. Dicke analemba zimene anapeza m'caka ca 1950, ndipo kucokela pamenepo mankhwala a siliyaki akhala amodzi okha, ndiwo kuleka guluteni moyo wonse.

Koma owelenga aone bwino apa. Ana a Dicke anali m'manja mwa dotolo amene anali kuwapima ndi kuwayang'anila tsiku ndi tsiku. Sanaleke buledi cifukwa ca mphekesela.

KODI KWATHU KUNO ALIPO?

Pa dziko lonse, pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 100 ali ndi siliyaki. Kale anthu anali kuganiza kuti ndi matenda a azungu okha, koma m'caka ca 1999 madotolo a ku Italy, motsogozedwa ndi Carlo Catassi, anaulutsa zimene anapeza atapima ana a mtundu wa Saharawi okhala m'misasa ya othawa kwao ku Algeria, kumene cakudya cacikulu ndi unga wa tiligu. Ana oposa 5 mwa 100 alionse anapezeka nao. Conco munthu wa mu Africa angathe kudwala matenda amenewa.

Muno m'Zambia siliyaki sapezeka kawilikawili m'zipatala. Cakudya cathu ndi nsima, ndipo tiligu, amene alimidwa mothilila m'nyengo yozizila m'mafamu aakulu a ku Mkushi, Chisamba ndi Mazabuka, wafala m'midzi posacedwapa. Cimene cipezeka kwambili ndi vuto lina lofanana naye. Kwa zaka zoposa 20, Pulofesa Paul Kelly, Dotolo Beatrice Amadi ndi anzao a pa University of Zambia ndi pa cipatala cacikulu ca UTH akhala akufufuza matumbo a akulu ndi ana a mu Lusaka, makamaka a m'komboni ya Misisi. Iwo apeza kuti ubweya wa m'matumbo uja ndi wofupika mwa anthu ambili, osati cifukwa ca tiligu, koma cifukwa ca tizilombo tolowa m'thupi kupyolela m'madzi ndi m'cakudya cosasamalika, pamodzi ndi kusowa kwa cakudya cokwanila.

Tanthauzo lake kwa munthu wa ku Rufunsa ndi ili. Ngati mutsegula m'mimba kwa nthawi yaitali ndipo muonda, siliyaki angakhale cifukwa cake, koma patsogolo pake paimilila matenda ena ofala kwambili kwathu: njoka za m'mimba, kacilombo ka m'madzi kochedwa giardia, likodzo la m'matumbo, cifuwa cacikulu cimene cingalowenso m'mimba, ndi kacilombo ka HIV. Onsewa ali ndi mankhwala ku cipatala, ndipo palibe ngakhale amodzi amene acila cifukwa coleka buledi.

NJILA ZINAI ZA MUNTHU WOLEKA TILIGU

Boma la Rufunsa, limene linapatulidwa ku Chongwe, ndi lalikulu, ndipo midzi ya mafumu Bunda Bunda, Mpanshya ndi Shikabeta ili motalikana pakati pa mapili. Ulendo wa ku cipatala udya ndalama ndi tsiku lonse la nchito ya kumunda. N'cifukwa cake uphungu wosalipila wa pa foni ukoma m'makutu. Tiyelekeze mai wa ana anai amene wavutika m'mimba kucokela nthawi yobzala mpaka nthawi yokolola. Mlamu wake wa ku Lusaka wamuuza kuti aleke buledi ndi vitumbuwa, ndipo iye waleka. Kutsogolo kwake kuli njila zinai.

Njila yoyamba ndi yakuti apeza bwino. Kwa munthu amene alidi ndi siliyaki, kutsegula m'mimba ndi kufufuma kuyamba kucepa patapita masiku kapena milungu yowelengeka. Koma kupeza bwino kokha si umboni. Mu tiligu mulinso mtundu wina wa shuga umene ufufumitsa mimba ya anthu ena amene matumbo ao ali bwinobwino. Poleka vitumbuwa mai uja walekanso mafuta ambili okazingila, ndipo mwina ndiwo anali kumuvuta. Cinanso, matenda ena a m'mimba ali ndi khalidwe lopuma okha kwa kanthawi ndi kubwelanso. Mai uja adzatamanda mlamu wake, koma dzina la matenda ake sanalidziwebe.

Njila yaciwili ndi yakuti apeza bwino kwa kanthawi, kenaka mimba iyambanso. Kwa odwala siliyaki cifukwa cacikulu ca zimenezi ndi tiligu wobisala. Anthu ambili aleka buledi koma aiwala mabisiketi, masikono, makaloni, supu wa m'timapaketi, masoseji ambili a m'sitolo, nsomba kapena nkhuku yoviikidwa mu unga wa tiligu isanakazingidwe, ndi mowa wa m'mabotolo. Maheu ena athilidwa unga wa tiligu kuti asase msanga. Mbatatesi kapena cinangwa cokazingidwa m'mafuta amene munali vitumbuwa citenga nyenyeswa zake, ndipo mpeni wodulila buledi ucita cimodzimodzi. Muyezo wa maiko onse ndi wakuti cakudya cichedwa copanda guluteni ngati mulibe mamiligalamu oposa 20 pa kilogalamu imodzi. Kumeneko ndi kunena theka cabe la galamu m'thumba lonse la unga la makilogalamu 25. Nyenyeswa zimene ena angazipeputse, kwa wodwala siliyaki ndi moto. Cifukwa cina ndi mkaka wa ng'ombe. Matumbo ovulala alephela kugaya shuga wa mu mkaka, motelo munthu atsegula m'mimba ngakhale sanakhudze tiligu. Vuto limeneli kawilikawili litha matumbo akapola, ndipo mkaka wosasa suvuta monga wauwisi. Koma mwana woyamwa asacotsedwe ku bele, pakuti mkaka wa mai ake ndiwo citetezo cake.

Njila yacitatu ndi yakuti madandaulo atsopano ayamba: mutu kuwawa, cizungulile, kufooka m'manja pogwila khasu, kukwiya msanga, kapena kudzimbidwa. Ena anena kuti ndi poizoni wa tiligu amene atuluka m'thupi, ndipo alimbikitsa wodwala kupilila. Mau amenewa alibe maziko. Kawilikawili cimene cacitika n'cakuti munthu wacotsa cakudya ca m'mawa osaikapo cina, ndipo apita kumunda ndi tiyi yekha m'mimba. Palinso ngozi ina kwa munthu amene, poopa zakudya zambili, atsala ndi nsima ndi ndiwo zocepa. Kudalila cimanga cokha kubweletsa matenda ochedwa pellagra, amene zizindikilo zake ndi khungu lakuda ndi lokakala pa khosi ndi pa manja pamene pawomba dzuwa, kutsegula m'mimba, ndi kusokonezeka kwa maganizo. Pothawa matenda amene mwina alibe, munthu angaitane ena.

Njila yacinai ndiyo yoopsa kuposa zonse. Mwezi utha, miyezi iwili itha, ndipo mai uja aondelabe. Apabanja amuuza kuti apilile, mwina tiligu sanathe m'thupi. M'menemo matenda enieni akhala akukula. Munthu asayembekeze ngakhale tsiku limodzi ngati aona magazi m'cimbudzi kapena cimbudzi cakuda bii, ngati thupi litentha kapena atuluka thukuta usiku, ngati atsokomola kwa milungu iwili, ngati mapazi atupa, ngati asanza ciliconse cimene wadya, kapena ngati zovala zayamba kumukhuthuka. Mwana amene maso alowa, afooka kapena akana kuyamwa apatsidwe madzi a moyo a ORS ali pa njila yopita ku kiliniki. Kwa akulu amsinkhu, kusintha kwa cimbudzi pamodzi ndi kuonda kungakhalenso cizindikilo ca khansa, imene ifuna kupezeka msanga.

CIFUKWA CAKE KUPIMA KUYENELA KUYAMBA

Siliyaki apimidwa m'njila ziwili. Yoyamba ndi ya magazi, m'mene afunafuna zida zimene asilikali a m'thupi apanga pomenyana ndi guluteni. Yaciwili ndi yolowetsa kapaipi kopyapyala kokhala ndi nyali kupyolela m'kamwa mpaka ku matumbo aang'ono, ndi kutapako kanyama kakang'ono kuti akakaone pa makina okuzila zinthu. Kupima kwa kapaipi kumeneku kucitika ku UTH mu Lusaka.

Mfundo imene ambili saidziwa ndi iyi: njila zonse ziwili zigwila nchito pokhapo ngati munthu akali kudya tiligu. Akaleka, zida zija ziyamba kucepa m'magazi ndipo matumbo ayamba kupola, motelo dotolo angapime ndi kupeza kuti zonse zili bwino pamene matenda alipo. Zili ngati kusesa pabwalo musanaitane anthu odzaona mapazi a fisi. Amene analeka kale afunika kubwelela ku tiligu, kumudya tsiku lililonse kwa milungu pafupifupi 6, asanapimidwe, ndipo kwa wodwala weniweni milungu imeneyi ikhala yowawa cifukwa zizindikilo zibwelanso. Zimenezi zicitike molangizidwa ndi dotolo, makamaka kwa mwana wamng'ono kapena mai wapakati.

Conco njila yoongoka iyambila pa kiliniki ya kwanu. Kumeneko, kapena ku cipatala kumene adzakutumizani, adzapima cimbudzi, kuculuka kwa magazi, makhololo ndi HIV, ndi kupeleka mankhwala a zimene apeza. Ngati vuto lipitilila, adzakupatsani kalata yopita ku cipatala ca St. Luke's ku Mpanshya kapena ca Chongwe, ndipo madotolo a kumeneko ndiwo adzaona ngati pafunika ulendo wa ku Lusaka. Ngati munaleka kale tiligu, musabise ndipo musacite manyazi. Nenani tsiku limene munaleka, zimene zinasintha ndi zimene sizinasinthe. Kwa mwana, nyamulani khadi la ku sikelo, pakuti mzele wa pa khadi uonetsa mwezi umene anayamba kubwelela m'mbuyo, ndipo mwina ndi mwezi umene anayamba kulawa buledi.

AKAPEZEKA NAO, NKHOKWE YATHU IKWANA

Munthu amene madotolo atsimikiza kuti ali ndi siliyaki asataye mtima. Ku maiko kumene buledi ndiye nsima yao, wodwala avutika kwambili ndipo agula zakudya zapadela pa mtengo wokwela. Kwathu kuno zinthu n'zosiyana, cifukwa pafupifupi zonse za m'nkhokwe ndi za kudimba zilibe guluteni. Cimanga, mapila, mawele, mpunga, cinangwa, kandolo, maungu, nthoci, nsawa, nyemba, cibwabwa, bondwe, delele, mazila, nkhuku, kapenta ndi nsomba zouma za pa ulalo wa Luangwa, zonsezi angadye mosaopa. Munkhoyo wa cimanga ndi thobwa la cimela ca mawele kapena mapila zilibe vuto ngati simunathilidwe tiligu. Phala lotendela nsawa, kapena kandolo wophika ndi tiyi, lisunga mlimi kumunda nthawi yaitali kuposa banzi. Cofunika ndi kusinthasintha ndiwo kuti magazi ndi mafupa zibwelele m'malo, ndi kuwelenga zolembedwa pa paketi ya cakudya ciliconse ca m'sitolo.

Kupola kufuna kuleza mtima. Ana acila msanga ndipo ayamba kukwela pa sikelo m'miyezi yowelengeka, koma matumbo a munthu wamkulu angatenge caka cimodzi kapena ziwili kuti apole kothelatu, ndipo kutopa ndi kucepa kwa magazi kucedwa kutha kuposa kutsegula m'mimba. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma kupeza bwino si cilolezo cobwelela ku buledi. Matendawa sathela pa njila, ndipo guluteni apitiliza kuononga matumbo ngakhale pamene munthu samva kupweteka, mpaka mafupa kufooka.

Pamene wodwala afunika thandizo la abale ndi pa misonkhano. Pa malilo, pa ukwati ndi pa misonkhano ya mpingo, mlendo alandilidwa ndi tiyi ndi mabanzi, ndipo wokana aoneka ngati wonyada kapena wokaikila a pakhomo. Ndi udindo wa banja kufotokozela anansi kuti m'bale wao sakana cifukwa ca mwano, ndi kumuikila kandolo kapena nsawa pambali. Mwana wa sukulu auzidwe cifukwa cake sayenela kugawana bisiketi ndi anzake, ndipo aphunzitsi ake adziwitsidwe. Mkate wa Mgonelo naonso ndi wa tiligu, conco wodwala akambilane ndi abusa kapena ansembe ake. Mpingo wa Katolika ulola mkate wokhala ndi guluteni wocepa kwambili, kapena kulandila za m'cikho zokha. Makolo, ana ndi abale a m'mimba imodzi a wodwala ayenelanso kuuza dotolo za matendawa, makamaka ngati nao avutika m'mimba kapena asowa magazi.

Kwa ena onse amene matumbo ao ali bwino, buledi ndi vitumbuwa si mdani, ndipo amai ogulitsa pa Chinyunyu asaopedwe. Pempho lipita kwa anyakwawa, aphunzitsi, atsogoleli a mipingo ndi magulu a amai kuti akaona munthu wa m'mudzi mwao amene watsegula m'mimba kupyola milungu iwili, kapena mwana amene waleka kukwela pa sikelo, asamupatse mndandanda wa zakudya zoti aleke, koma amupelekeze ku kiliniki akali kudya monga mwa masiku onse. Safunsa anadya phula. Amene analeka kale tiligu ndipo m'mimba simunakhale bata, anyamuke mlungu uno, akafotokoze zonse kwa anchito a zaumoyo.